Dzina Limodzi, Mapiri Awiri

Amuna anga a Lachie anali munthu wa miyendo. Pakamwa analibe zambiri, nkhope nayo sinali yoti mtsikana n'kutembenukira kawiri, koma miyendo, abale inu! Zaka makumi atatu ndi zisanu ananyamula makalata m'chigwa chathu chino, mvula ndi mphepo zikuwakwapula, ndiye Loweruka likafika, m'malo mokhala pansi ngati munthu, ankavala jombo n'kukwera phiri.

Ndinkawafunsa kuti, "Kodi inu, kumwambako munaiwalako chiyani?"

Iwo ankangoti, "Ndikukaona ngati kukadalipo."

Yankho lake lomwelo kuyambira tsiku la ukwati mpaka imvi mbuu. Nthawi zina ndinkafuna kuwagenda ndi ketulo.

Ine ndine Dolina, ndipo tinadziwana chifukwa cha makalata omwewo. Ndili mtsikana ndinali ndi chibwenzi, mnyamata wogwira ntchito m'sitima zapanyanja, ndipo makalata ake ankabwera nawo ndi a Lachie. Tsiku lina anaima pakhomo, n'kuiyesa kalatayo padzanja ngati akugula nsomba.

Ati, "Yapepuka sabata ino. Chikondi chikutha uku."

Ndinawatukwana, osati masewera. Koma sananame, chinathadi, ndipo chaka chotsatira tinakwatirana. Ana Mulungu sanatipatse. Tinakhala awiriwiri m'kanyumba ka makolo awo, kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi mlatho.

Ukawoloka mlathowo njira imagawikana. Ya kumanja imakwera phiri lalitali, la matanthwe ndi zigwembe, limene pamapu linalembedwa kuti Carn Glas. M'Chigeliki, chinenero cha makolo athu, mawuwa amatanthauza phiri lotuwa. Kumeneko n'kumene kumathamangira alendo a m'tauni ndi mindandanda yawo ya mapiri aatali. Amakwera, amachonga m'kabuku, amatsika, sadziwa n'komwe kuti adutsa munda wa yani. Kumanzere kulibe njira yeniyeni. Kuli phiri lalifupi, lotambalala, la matope ndi zitsamba, ndipo pamapu lilibe dzina, angolembapo nambala. Komatu kwa akuluakulu akale, Carn Glas weniweni anali ameneyo. Amati anthu a mapu atabwera kalekale anafunsa mbusa wina, mbusayo analoza ndi chibwano manja ali m'thumba, iwo n'kulemba dzinalo pa phiri lolakwika. Cholembedwa chinapambana. Okalamba anatha, nkhosa zinagulitsidwa, ndipo kuphiri laling'onolo kunatsala agwape okha. A Lachie ankawetako nkhosa ali mwana, koma atakula sankapitako. Ankati, "Kumeneko ukakatengeko chiyani, chimfine?"

Kuwonjezera pa positi, anali m'gulu la anthu opulumutsa osochera kumapiri. Ntchito yopanda malipiro, yongodzipereka. Anatsitsa amoyo, anatsitsanso mitembo, ndipo za mitemboyo kunyumba sankanena. Ankangokhala pampando nthawi yaitali, jombo osavula. M'gulumo anali ndi lamulo limodzi limene ankalilalikira mpaka anzawo kutopa nalo: usanakwere phiri siya kalata yonena kumene wapita ndi nthawi yobwerera, ndipo lemba dzina la pamapu.

"La pamapu, wamva?" ankatero. "Agogo ako sadzuka kumanda kudzakufuna. Akubwera ndi anthu ogwira mapu m'manja."

Amene anaimva kwambiri nyimbo imeneyi ndi Torquil. Analowa m'gululo ndevu zisanamere bwino, a Lachie n'kumuphunzitsa mwala uliwonse wa m'chigwa chino, ndipo iwo atapuma anakhala mtsogoleri ndi iyeyo. Pano ndi chimunthu chadazi cha ana anayi, koma a Lachie ankamutchabe "kamwana". Naye ankawatcha "bambo".

Matendawa anayamba ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu. Poyamba ndinkaseka. Shuga m'firiji, magalasi m'jombo. Kenako Chingerezi chinayamba kuwathawa. Ife m'nyumba tinkayankhula Chingerezi, poti Chigeliki anatisiyitsa kusukulu ndi lamba, chinangotsala cha masalimo ndi chotukwanira galu. Koma tsopano ankadzuka n'kuyamba kundiyankhula Chigeliki chokhachokha, chakuya, cha amayi awo. Ankaitana galu amene anafa ine ndisanawadziwe. Madzulo ena anandiyang'ana mwaulemu kwambiri n'kundifunsa ngati basi yanga ichedwa. Ndinapita kubafa, ndinatsegula mpopi, ndinalira.

Masiku ena mutu unkabwerera, ndipo amenewo ndiye anali owawa, chifukwa ankadziwa zimene zikuwachitikira. Mnzawo wina, a Hector amakanika, anadwala matenda omwewa, ana awo n'kukawasiya kunyumba yosungira okalamba kutauni. A Lachie anakawaonako kamodzi. Atabwerako, chakudya sanachikhudze. M'mawa mwake anandigwira dzanja patebulo.

"Dolina, zitseko zake n'zokiya," anatero. "Hector wavala juzi ya munthu wina. Pawindo ukuona khoma basi. Usadzandipereke kumeneko."

"Ndani wanena zokuperekani?"

"Usauze munthu. Ukauza mmodzi, abwera ndi mapepala. Lumbira."

Ndinalumbira. Ndipo musandione chonchi, bodza ndimalitha. Pakhomo la tchalitchi ndinkayankha mafunso onse ndine, n'kumati, "Makutu atha awa, musavutike nawo." Makiyi a galimoto ndinabisa, anthu ndinawauza kuti ndi maso. Wovuta anali Ishbel, woyandikana nafe, mayi wa mphuno yonunkhiza nkhani ili kutsidya.

Tsiku lina ati, "Mayi Dolina, dzulo a Lachie anditchula dzina la malemu amayi anga."

Ine ndiye, "Nanga atani, poti mwakalamba mpaka mwafanana nawo?"

Anakwiya sabata yathunthu, ine n'kupumako.

Chaka ndi theka ndinasenza chinsinsi chimenechi ndekha. Kuphiri ankapitabe, koma ndi ine, mpaka pamlatho n'kubwerera. Ndikachoka pang'ono ndinkabisa jombo pansi pa bedi.

Lolemba lomaliza la Okutobala ndinaiwala kubisa. Galimoto yogulitsa zakudya inaima pamsewu, ndinathamangira buledi ndi mkaka, ndipo mzere unali wautali. Ola limodzi silinakwane. Pobwera ndinapeza jombo palibe, ndodo palibe, chikwama chawo chakale cha kumapiri palibe. Pansi pa mbale ya shuga, pamene ankasiya makalata awo zaka zonse, panali kapepala.

Moyo wawo wonse a Lachie sanalembepo Chigeliki. Ankachiwerenga m'Baibulo basi. Koma kapepalako kanali ka Chigeliki, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sukulu:

"Amayi, ndapita ku Carn Glas kukaona nkhosa. Ndibwera folo koloko. Musadandaule."

Amayi awo tinawaika m'manda zaka makumi anayi zapitazo.

Ndinakapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la epuloni. Ndinathamangira pamlatho, ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Chifunga chinali chitatsika kale, mvula ikuwaza. Ndinadziuza kuti alemba folo koloko, ndipo a Lachie sanachedwepo. Ndinadikira. Inde, ndinadikira maola asanu, kuopa kuti ndikaitana anthu chinsinsi chiululika. Folo koloko itadutsa ndinamuimbira Torquil.

Pasanathe theka la ola khitchini yanga inadzaza. Anthu khumi ndi awiri, majekete ofiira, zingwe, mawailesi, galu wofufuza ali pakhomo. Theka la iwo anaphunzitsidwa ndi a Lachie. Ankayankhula za iwo ngati za mfumu.

Wina ati, "Mdala ameneyo? Timupeza atakhala pamwala akutiwerengera mphindi."

Wina ati, "Atikalipira kuti tamanga mfundo molakwika."

Anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Ishbel anali ataima pakona, makutu ali tcheru.

Torquil anayala mapu patebulo. "Amayi, asiya kalata?"

"Asiya. Ati Carn Glas, abwera folo koloko."

"Ili kuti?"

"Ndayatsira moto, ndinasokonezeka."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anaika chala pamapu. Torquil si chitsiru, nkhani ya mayina awiri ankaidziwa.

"Carn Glas wake uti, amayi? Wa pamapu, kapena wa akuluakulu?"

Kapepala kali m'thumba, dzanja langa lili pomwepo. Kuti ndinene kuti wa akuluakulu, akanandifunsa kuti mwadziwa bwanji, ndipo ndikanayenera kutulutsa kalata ya nkhalamba yolembera amayi ake akufa, yokaona nkhosa zimene kulibe. Akanaiwerenga pamaso pa anthu onsewo, pamaso pa Ishbel. Akanawapeza, inde, koma sabata yotsatira kukanabwera a mapepala aja. Ndiye mumtima ndinati, mutu waiwala koma miyendo siiwala. Phiri lalikululo analikwera kambirimbiri, akafika pamlatho miyendo iwakokera kumanja yokha. Ndinazikhulupirira chifukwa ndinkafuna kuzikhulupirira.

Ndinati, "Iwe Torquil, wayamba liti kufunsa zopusa? Ndani anakuphunzitsa kulemba dzina la pamapu?"

Anthu anaseka, Torquil anachita manyazi. "Pepani amayi," anatero, n'kupinda mapu.

Galu anataya fungo pamlatho pomwepo chifukwa cha mvula. Onse anakhotera kumanja.

Lolemba sanapeze kanthu. Lachiwiri kunabwera magulu ena awiri ochokera m'zigwa zoyandikana, anthu oposa makumi atatu. Chifunga chinali chokhuthala moti helikopita inalephera kuuluka. Anatsika m'zigwembe ndi zingwe, chimodzichimodzi, ndipo phiri limenelo zigwembe zake n'zosawerengeka. Ine ndi Ishbel tinkawiritsa tiyi ndi kupaka batala pabuledi. Mtsikana wina wa m'gululo anatsika dzanja litathyoka, ndipo anandipepesa, iyeyo kupepesa ine, kuti sathanso kupitiriza. Ndinamupatsa tiyi wa shuga wambiri, osatha kumuyang'ana kumaso.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinanene Lachiwirilo. Nanenso ndimadzifunsa. Bodza likagona tsiku limodzi limalemera kuposa dzulo lake. Tsopano sichinalinso chinsinsi cha a Lachie chokha, chinali changanso: ndatumiza anthu makumi atatu kumatanthwe, mwana wa eni wathyoka dzanja. Ola lililonse ndinkati, ola likubwerali awapeza, ndipo zonse zithera pomwepo. Kangapo ndinatsegula pakamwa. Kangapo Ishbel analowa ndi mbale.

Madzulo a Lachiwiri Torquil anati, "Tikalephera mawa, Lachinayi tiyamba mbali inayo, kuphiri laling'onolo."

Ine ndinangoti, "Mukudziwa ndinu."

Lachitatu kunacha kozizira kwambiri, udzu uli mbuu, koma chifunga chinayamba kukwera. Helikopita inabwera, inazungulira phiri lalikululo m'mawa wonse. Masana Torquil anatsika yekha. Analowa m'khitchini osagogoda, matope mpaka m'mawondo, maso ali psuu. Anamupempha Ishbel kuti atuluke kaye, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mayi ameneyo anatuluka osatsutsa.

"Amayi," anatero Torquil, "bambo sangasochere paphiri lija. Ngakhale mutawamanga kumaso. Akanagwa tikanapeza ndodo, chipewa, kenakake. Palibe ngakhale phazi. Chilipo chimene simunandiuze."

"Ukunditenga ngati wabodza?"

"Ndikukufunsani ngati mwana wawo."

Ndinatulutsa kapepala kaja, katafewa ndi thukuta la dzanja langa, n'kukaika patebulo. Torquil Chigeliki sachidziwa kwenikweni, koma mawu oti amayi ndi oti nkhosa aliyense kuno amawadziwa. Anakawerenga kawiri.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha. Anandilumbiritsa, Torquil. Ankaopa kukiyiridwa."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangotenga wailesi yake n'kuuza anthu onse kuti atsike, awoloke mlatho, akhotere kumanzere. Ali pakhomo anatembenuka.

"Masiku awiri, amayi," anatero. Anatuluka.

Sizinatenge ngakhale maola atatu. Pafupi ndi nsonga ya phiri laling'onolo pali khola lakale la miyala, lopanda denga, limene bambo awo ankasonkhanitsiramo nkhosa. Anawapeza mmenemo, atatsamira khoma kumbali yobisika ku mphepo, mwendo utathyoka pa akakolo. Anali atalowa m'thumba lawo lapulasitiki lodzitetezera kuzizira, chipewa atakokera m'makutu, zonse mwadongosolo monga ankaphunzitsira anzawo. Kuchokera pamenepo phiri lalikulu limaoneka lonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Izi Torquil sanandiuze. Ndinakaona ndekha mwezi wotsatira, nditakwerako ndi miyendo yanga yokalambayi. Kuli zii kumeneko, mphepo yokhayokha ndi ndowe za agwape.

Thupi anapita nalo kuchipatala kutauni. Dzuwa likulowa Torquil anabwera ndi ndodo, chipewa ndi wotchi yawo. Anakhala pampando wa a Lachie, kenako anazindikira, anadzuka n'kukhala pa wina.

"Sanavutike, amayi," anatero. "Kuzizira kumangogonetsa munthu. Ndikuganiza kuti anapita Lolemba lomwelo, mdima usanagwe bwino. Ngakhale mukanatiuza, sitikanawapeza amoyo."

Ankayankhula akuyang'ana pansi. Ndinamuthokoza. Ndinawagwira mawu amenewo ndi manja awiri, poti ndinalibe china chogwira.

Ndiye m'khitchini mutakhala chete, ndinamva kaphokoso. Wotchi ija inali patebulo, ikuyenda.

Wotchi imeneyo inali ya bambo awo, yachikale, yopanda batire. Umaipukusa ndi zala kakonokono ka pambali, ndipo ukaipukusa mpaka kulimba imayenda tsiku limodzi ndi theka, osapitirira. Ndikudziwa bwino chifukwa nthawi ina atagonekedwa m'chipatala anaisiya kunyumba, inaima madzulo a tsiku lachiwiri. A Lachie ankaipukusa m'mawa uliwonse cha m'ma seveni koloko. Anaiwala dzina langa, anaiwala chaka, koma zala zawo zimenezo sizinaiwale. Akanakhala kuti anaipukusa komaliza Lolemba, ikanaima Lachiwiri madzulo. Apa linali Lachitatu.

"Torquil," ndinatero, "waipukusa ndiwe wotchiyi?"

"Ayi amayi, ndangoivula pamkono. Kodi imachita kupu..."

Sanamalize. Anaiyang'ana wotchiyo, anandiyang'ana ine, ndipo nkhope yake inagwa. Anatambasula dzanja kuti aitenge.

"Isiye," ndinatero.

"Amayi, musadzizunze. Ndipatseni ndikaisunge."

"Ndati isiye pomwepo!"

Anaisiya. Ndinkafuna kudziwa, ndipo panalibe dokotala kapena mbusa amene akanandiuza zoona zake kuposa kachitsulo kameneko. Ikanaima Lachitatu lomwelo madzulo, ndiye kuti anaipukusa komaliza Lachiwiri m'mawa. Zimenezo zinali zowawa kale, komabe ndinapemphera kuti iime. Ha, munthu kupempherera kuti mwamuna wake akhale kuti anafa msanga! Seveni koloko inakwana, eyiti inakwana. Inkayendabe.

Lachinayi anthu anabwera kudzapepesa. Nyumba inadzaza, abusa anawerenga salimo, azimayi anabweretsa makeke ndi msuzi. Nkhani ya matenda inali itamveka kale mudzi wonse, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti palibe anadabwa. Ishbel anandigwira paphewa akulira.

"Tinkadziwa, mayi Dolina," anatero. "Tonse tinkadziwa chinachake chavuta. Timangodikira kuti munene nokha, tikuthandizeni kuwayang'anira. Ndani akanawapereka kutauni a Lachie?"

Wotchi ndinali nditaiika pashelefu pambali pa ketulo, ndipo pansi pa nyimbo, pansi pa mapemphero, khutu langa linali pamenepo. Aliyense amene ankalowa ankandiuza mawu a Torquil aja, kuti sanavutike, anapita Lolemba lomwelo. Ndinkagwedeza mutu. Masana anadutsa ikuyenda. Anthu anayamba kubalalika ikuyenda.

Inaima Lachinayi madzulo, kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane seveni koloko. Ndinawerenga chobwerera m'mbuyo, tsiku limodzi ndi theka, ndinawerenganso kachiwiri ndi zala ngati mwana. Lachitatu m'mawa, kutangocha, a Lachie anali moyo. Anagona kuphiri kuja kawiri ndi mwendo wothyoka, anatulutsa dzanja m'thumba muja, anapukusa wotchi yawo mpaka kulimba, n'kukhala kudikira. Nthawi imeneyo ine ndinali nditaima pano, patebulo ili, ndikupaka batala pabuledi wa anthu opita kuphiri lolakwika, kalata ili m'thumba la epuloni.